Tsiku limene ndinathamangitsa Bambo Mfumu

Ndikukumbukira chaka chimene parishi yathu inalandira Bambo Mfumu atsopano, ochokera kumaphunziro kunja. Ife tinkayembekeza kuti atibweretsera belu, poti lathu linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika mumtengo. Iwo anatibweretsera malaketi awiri a tenisi ndi mipira itatu. Amayi a kwaya atawaona malaketiwo anagwirizana kuti ndi masefa a ufa, ndipo mmodzi anafunsa ngati angabwereke Loweruka. Izi sindikupeka. Mboni zilipo zamoyo, kungoti zambiri makutu anatha.

Bwalo tinasalaza tokha ana asukulu, kuseri kwa tchalitchi. Kwathu kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi malo athyathyathya ndi osowa, moti nkhuku ikafuna kuikira imayamba yatchinga ndi mwala kuti dzira lisagubuduke. Mizere tinalemba ndi phulusa, neti tinaluka ndi chingwe chosokera fodya. Mpira ukaphonya bwalo unkatsetsereka mpaka kudambo. Wina tinakaupeza patatha sabata uli m'boma la Ntchisi, ana akumeneko akuvutika kuusenda poyesa ndimu.

Kenako Bambo Mfumu analengeza kuti pakutha pa mwezi adzatenga mwana mmodzi pagalimoto yawo, kukasewera ndi ana a ku Lilongwe. Ine ndinali Sitandade 6. Galimoto ndinali ndisanakwerepo, ndipo Lilongwe ndinkangomumva kwa amalume ogulitsa fodya, omwe ankati kumeneko nyumba zimaberekana ngati achule. Anzathu anagwa mmodzimmodzi, tinatsala awiri: ine ndi Gelevazio, mwana wa akatekisiti.

Chimene Bambo Mfumu ankatiphunzitsa kwambiri ankachitcha fohandi, kutanthauza kumenya mpira umene wabwera kudzanja lamanja. Uime chammbali, dzanja lamanzere liloze mpira, laketi ipite kumbuyo, itsike, ikumane ndi mpira kutsogolo kwa chiuno, kenako ikwere mpaka ikathere paphewa lamanzere. Ndikamasewera ndi Gelevazio zonsezi zinkatheka bwinobwino. Vuto linkayamba Bambo Mfumu akaima tsidya lina la neti.

Muyenera kuwadziwa mayi anga, aNabanda. Iwo anatilera kuti chinthu chopita kwa wamkulu chimapita ndi manja awiri: lamanzere ligwire chigongono cha lamanja, mawondo apinde, maso pansi. Lamuloli pakhomo pathu silinkasiya munthu. Ngakhale galu wathu ankalandira fupa ndi miyendo yonse iwiri yakutsogolo, ndipo ndikulumbira kuti ankanjuta.

Tsono mpira ukachokera kwa wansembe, thupi langa linkaubweza monga mmene ndinkaperekera mchere kwa agogo. Lamanzere linkathamangira pachigongono, mawondo n'kupinda, maso n'kugwa, ndipo mpira unkawoloka neti mwaulemu n'kukafikira palaketi yawo penipeni. Kwa milungu iwiri Bambo Mfumu sanasunthe phazi. Pomwe ankaimapo panamera bowa.

"Sitefano," anatero tsiku lina, "mawondo ngati akowo ngakhale kunja sindinawaone. Koma dzanja lamanzerelo likufuna chiyani pachigongono?"

"Likuperekeza linzake, Abambo."

"Usamandipatse mpirawu. Uzindimana. Menya kumene ine kulibe."

Kumana wansembe chinthu sitinaphunzire ku katekisimu. Anayesa kundigwiritsa chitsononkho kudzanja lamanzere kuti ndiziloza nacho mpira, ine ndinkagwira chigongono ndi chitsononkho chomwecho. Anayesa kuvula mkanjo n'kuvala chipewa chamlaza kuti ndiwaiwale, koma chigongono changa chinkawazindikirabe. Chimene chinandichiritsa ndi mawu amodzi.

"Usayang'ane ine, yang'ana mpira. Mpira ulibe udindo."

Zinandilowa. Maso anali ozolowera kale kusayang'ana akuluakulu, tsopano anapeza chochita. Pakutha pa sabata laketi inkatsika ngati chikwakwa potchetcha udzu, n'kukwera yokha kukagona paphewa, ndipo phokoso la mpira linasintha, linayamba kumveka ngati mphonda yakupsa ikamagogodedwa.

Tsiku losankha linali Lamulungu, itatha Misa. Palibe amene anapita kwawo. Kunali kamphepo ka mwezi wa Juni, kofika ndi fungo la mapesi ouma, ndipo amayi anayala zitenje m'mbali mwa bwalo. Kutsogolo kwenikweni kunakhala aNabanda, kolona ali m'manja. Aliyense anapatsidwa mipira itatu. Gelevazio anabweza umodzi, wachiwiri unakodwa muneti, wachitatu anautumiza ku Ntchisi.

Nditalowa ine, maso a mayi ndinkawamva pankhongo ngati dzuwa la Okutobala. Mpira woyamba ndinaupereka ndi manja awiri. Wachiwiri chimodzimodzi, ndipo pakati pa amayi panamveka kung'ung'udza kokoma: "Koma mwanayu ndi woleredwa." Bambo Mfumu anandiyang'ana mokhumudwa.

"Watsala umodzi, Sitefano."

Ndinaona galimoto ili pamthunzi kuseri kwawo, yotsukidwa kale. Mpira unanyamuka. Ndinaima chammbali, lamanzere linaloza, laketi inatsika n'kukwera, ndipo mpira unalunjika pangodya yakutali kwambiri ndi wansembe. Bambo Mfumu anali munthu wathupi, ndipo m'parishi yonse munalibe amene anawaonapo akuthamanga. Tsiku limenelo anathamanga. Nsapato imodzi inatsala m'mbuyo, mkanjo unakola bondo, iwo n'kugwa chafufumimba pamzere wa phulusa. Anadzuka nkhope ili mbuu, akuseka mpaka misozi.

"Imeneyo ndiye fohandi. Ku Lilongwe ukupita ndiwe."

Palibe amene anawomba m'manja. Kunali zii, moti mbuzi ya kumudzi wachitatu inamveka ikutafuna. Mayi anadzuka pang'onopang'ono, anakutumula chitenje, anachipinda, n'kulowa m'bwalo osafulumira. Anandigwira khutu lamanja, lomwe mpaka lero ndi lalitali kuposa linzake, ndipo aliyense wokayika abwere ndi chingwe adzayeze. Anandituma kudambo kukatola mpira uja, kuutsuka, n'kudzaupereka chogwada pamaso pa mpingo wonse.

Bambo Mfumu anayesetsa kufotokoza kuti masewerawa ndi otero, kuti iwo ndi amene anandiphunzitsa. Mayi anagwada pafumbi, manja pamodzi, n'kuyankha ndi mawu otsika.

"Abambo, inu mwamukhululukira chifukwa ndi ntchito yanu. Ine ntchito yanga ndi ina. Mwana wogwetsa wansembe pakhomo pompano, ku Lilongwe akagwetsa ndani?"

Munthu anaphunzira zaka zambirimbiri kutsidya kwa nyanja, koma pamaso pa mayi wogwada anangosasa phulusa pamkanjo.

Ku Lilongwe anapita ndi Gelevazio. Ine ndinali pakhonde ndikuswa mtedza, ndikuonerera fumbi la galimoto likutsika phiri mpaka linazimiririka cha ku Dowa. Mnzangayo anagonja masewera onse, koma anabwera atakwera masitepe a nyumba yosanjikizana, ndipo nkhani ya masitepewo tinaimva mpaka Sitandade 8.

Lero pabwalo lija analimapo soya, ndipo ana a pamishoni tenisi amangoionera pafoni. Ulemu nawonso unapepuka. Mwana wanga amandipatsa chinthu ndi dzanja limodzi, lamanzere, maso ali kwina, ndipo nthawi zina amangoponya. Ndikamuona ndimadandaula kuti luso lonseli likungowonongeka popanda laketi. Ine kuntchito kuno ku Lilongwe ndimapatsirabe mabwana mapepala nditagwira chigongono, anyamata n'kumandiseka.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukawaona aNabanda. Akalamba, kolona amawerenga ndi zala zokha chifukwa maso anafooka. Ndinawakumbutsa nkhaniyi, n'kuwafunsa ngati pazaka zonsezi sanaganizepo kuti anandilakwira.

"Kodi ku Lilongweko unakafika?"

"Ndinakafika, amayi. Patapita zaka khumi, pa minibasi."

"Wagwetsako munthu?"

"Ayi."

"Ndiye uzithokoza."