Mapiritsi a achimwene Delmer

Uthenga unatipeza Lachinayi m'mawa, ine ndikuyanika zovala. Alamu anga a Verna anaimba foni n'kungoti, "Achimwene anu agwa kuseri kwa nyumba, sakudzuka." Amenewo anali a Delmer Caudill, oyamba kubadwa kwathu, a zaka 63.

Anagwira ntchito yodula nyama m'sitolo zaka makumi atatu. Munthu akafuna mapaundi awiri, iwo ankangodula osayang'ana sikelo. Mtima utayamba kuwavuta, dzanja lomwelo ndi limene linawasunga. Mapiritsi awo anali okwera mtengo, ndiye dokotala ankawalembera amphamvu kawiri, iwo n'kumawadula pakati ndi kampeni. Botolo la mwezi umodzi linkawafikitsa miyezi iwiri. Ankangodikira chaka chimene makampani ena adzaloledwe kupanga mapiritsi omwewo otchipa.

Chakacho chitayandikira, kampani ya mankhwalawo inasiya kupanga mapiritsi n'kubweretsa makapusozi, ati ndi atsopano. Dokotala n'kulemba amenewo. Kapusozi sadulika pakati. Achimwene anayamba kumwa lero, mawa ayi.

Kutsidya kwa msewu kumakhala a Burl Stidham, nawonso a matenda omwewo. Awiriwa ankapikisana kuyambira ali anyamata, kaya ndi tomato, kaya agalu, kaya galimoto. Tsopano a Burl ankatchetcha kapinga akuimba mluzu, achimwene ali pakhonde kupuma movutika.

"Delmer, wawonda bwanji? Verna wayamba kukumana chakudya?"

"Ndikuchepetsa thupi kuti suti indikwane pa maliro ako, mdala iwe."

Achimwene akalowa m'nyumba, alamu ankawauza kuti afunse a Burl kumene akugula. Iwo ankakana. "Ameneyo ali ndi ndalama za kumigodi. Ndikamufunse kuti andiseke?" Alamu nawo ankameza malovu kuona a Opal, akazi a Burl, akubwera ndi kathumba ka mankhwala mwezi uliwonse.

Titaika maliro, a Opal anabwera ndi mphika wa nyemba ndi buledi wa chimanga. Anagwira alamu dzanja n'kuti, "Ifetu Mulungu anatikomera mtima, amwali. Mwana wathu nesi uja anauza dokotala kuti alembenso mapiritsi akale aja. Otchipa anafika mu Febuluwale, madola khumi ndi limodzi basi. Ndimayesa mukudziwa."

Sankadziwa. Pepala la achimwene linali la makapusozi, ndipo wogulitsa mankhwala sakanasintha yekha. Miyezi inayi mapiritsi otchipa ali m'sitolo yomwe iwo ankagulamo. Alamu nyemba zija sanazilawe.

Sabata yatha tinamva pa wailesi kuti aphungu akukambirana lamulo loletsa makampani kuchita machenjera otere osintha mankhwala pofuna kutsekereza otchipa, ati boma lidzapulumutsa ndalama zambirimbiri pa zaka khumi. Alamu anatseka wailesi. "Boma lipulumutsa ndalama, Opal wapulumutsa mwamuna. Nanga ine?"

Masiku ano amakhala pazenera kuyang'ana awiri aja akumwa khofi pakhonde pawo. Anandiuza dzulo, "Alamu, Burl sindimufunira zoipa ayi. Koma akatsokomola ndimatchera khutu, kenako ndimachita manyazi."

Inu amene munkawadziwa achimwene, mukamagwada muzititchula banja lonse, makamaka alamu a Verna. Mpaka lero sanapondeko kutchalitchi, poti a Opal amakhala pa benchi ya kutsogolo kwawo, amuna awo ali pambali.