Musandiponyere Madayisi

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unayamba kundiwawa kumayambiriro kwa Okutobala, kuchokera kunkhongo kukwera m'mwamba, ndipo sunaleke kwa masabata awiri. Aliyense amene anakhalapo ku Feira akudziwa kutentha kwa mwezi umenewo, choncho ndinangoti ndi dzuwa. Ndinkamwa madzi ambiri ndi timapiritsi ta mutu, n'kumapita kuntchito. Ndimasunga mafaelo m'maofesi a pa Boma. Kwathu ndi ku Katete, koma kuno ndakhalitsa. Chimene sindinauze munthu n'chakuti chaka cham'mbuyo mwake anandipeza ndi BP ku kiliniki, ndipo mankhwala ake ndinamwa miyezi itatu chabe. Nditaona kuti thupi lili bwino, ndinawasiya.

Loweruka lililonse masana timasewera Kawoloke pakhonde panga. Masewerawa anawapanga okha a Lungu, mphunzitsi wa ku pulayimale amene amakonda kujambula. Anajambula mtsinje pa katoni yaikulu. Aliyense amakhala ndi bwato lake, lomwe ndi chotsekera cha botolo. Umaponya madayisi awiri, kuyendetsa bwato, kenako n'kutola khadi. Pa makhadiwo pali zinthu zoseketsa zokhazokha: ng'ona yovala chipewa imene imakubweza pagombe, mvuu yoimba kwaya imene imakuimika mpaka anzako aponye kawiri, ndi bwato la mapiko limene limakudumphitsa theka la mtsinje. Woyamba kufika tsidya ndiye wapambana. Sitibetcherana kanthu. Timasewera atatu: ineyo, a Lungu, ndi amake Taonga, mnzanga amene amagulitsa nsomba zouma pamsika.

Loweruka lachitatu la mweziwo, dzuwa litapendeka pang'ono, madayisi anagwa kuchoka m'dzanja langa lamanja ndisanaponye. Ndinawerama kuti nditole, zala zinakana. Ndinafuna kunena kuti dikirani, koma chimene chinatuluka pakamwa sichinali mawu. Amake Taonga anandiyang'ana kumaso, n'kudzambatuka.

"A Lungu, onani pakamwa pawo, papotoka. Funani motoka manje manje."

Ine ndinkaloza m'nyumba ndi dzanja lamanzere, kufuna kuti andigoneke kaye kuti mwina zidutsa. Sanandimvere. Ku kiliniki sisita anandiyeza BP kawiri, mkono uwu ndi uwu, ndipo anandifunsa kuti mankhwala anga ndinamwa liti komaliza. Sindinathe kuyankha. Ngakhale lilime likanalola, sindikudziwa ngati ndikananena zoona. Tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala, ndipo patapita masiku atatu ambulansi inanditengera ku Lusaka kuti akaunike m'mutu. Ulendo umenewo ndi wautali kwa munthu wogona chagada. Ndinkangoona denga la motoka ndi botolo la diripi likugwedezeka.

Dokotala wa ku Lusaka sanazungulire. Anati ndi sitiroko, kamtsempha ka mu ubongo kanatsekeka. "Anachita bwino kukubweretsani msanga," anatero. "Mwendo ubwerera. Za dzanja sindikulonjezani."

Ndinakhala m'wodi masabata atatu. Moyo wa m'wodi ndi kudikira. M'mawa kusanayere kwenikweni amabwera kudzayeza BP, kenako umadikira mankhwala, kenako madokotala, kenako nthawi ya odzaona odwala. Akulu anga, a Tisauke, anasiya munda wawo ku Katete mvula ili pafupi, n'kubwera kudzandisamala. Ankandisambitsa, kundiveka, kundimwetsa phala ndi supuni, theka lake likutayikira pachifuwa. Sabata yachiwiri ndinayamba kuima nditagwira chitsulo cha bedi. Mawu anabwerera mmodzimmodzi, olemera ngati ndili ndi mwala m'kamwa. Dzanja lokha linangokhala pamiyendo panga, zala zitapindika.

Tinabwerera ku Feira mu Novembala. Anthu ankabwera kudzandiona, ndipo ndikuwathokoza. Koma ambiri ankalankhula ndi akulu anga, ine ndili pomwepo. "Adya? Agona bwanji? Ntchito ndiye basi, eti?" Ndisanamalize kukonza yankho m'kamwa, nkhani inali itapita kale patsogolo.

Ena mwa alendowo ndi amene anauza akulu anga kuti matenda anandigwira ndikusewera makhadi. Tsiku lina m'mawa anatuluka kuchipinda atanyamula kabokosi ka Kawoloke, makhadi ali m'manja.

"Iwe, mzimayi wamkulu, wa mumpingo, kumasunga zithunzi ngati izi m'nyumba? Ng'ona inavalapo chipewa? Zimenezi n'zimene zinakuitanira matenda. Ndikukatentha."

Mbaula inali itayaka kale panja. Ndinagwira ndodo yanga n'kuimirira, ndipo ndinaima pakhomo. Ndinatenga nthawi kuti mawu atuluke, koma anatuluka onse.

"Si makhadi. Ndine. Anandipatsa mankhwala a BP. Ndinasiya kumwa."

Kanali koyamba kunena zimenezi kwa munthu. Akulu anga anaika kabokosi patebulo, n'kundikalipira monga ankandikalipirira tili atsikana. Kuyambira tsiku limenelo mapiritsi ankasunga ndi iwo, ndipo ankaima pamaso panga mpaka ndimeze.

Kawiri pamwezi tinkapita kuchipatala kwa mayi wa fizio, amene amaphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito. Tinkalawirira, kukhala pa benchi mpaka dzina liitanidwe, nthawi zina kufikira masana. Anandipatsa ntchito yofinya kansalu kokulunga ndi kutola nyemba imodziimodzi kuika m'kapu. Nyembazo ndinkadana nazo. Ndinawafunsa ngati madayisi angalowe m'malo mwake. Anaseka. "Chilichonse chimene chingakutseguleni zala ndi kuzitseka, chitani, mayi. Bola tsiku ndi tsiku."

Ndinatumiza uthenga kwa a Lungu ndi amake Taonga kuti Loweruka abwere. Anabwera mwaulemu wambiri, ngati akulowa m'tchalitchi. Nthawi yanga yoponya itakwana, a Lungu anatola madayisi okha.

"Ndikuponyereni, mayi. Inu muzingotiuza."

"Musandiponyere," ndinatero. "Ikani m'dzanja ili."

Anaika. Ndinatseka zala ndi thandizo la dzanja lamanzere, koma kutsegula kunakanika. Ndinakhala choncho, thukuta likutsika. Zala zitamasuka, dayisi imodzi inagwera pamwendo panga, ina inagubuduka mpaka pabwalo. Tsiku limenelo masewera amodzi anatitengera masana onse, ndipo ndinapambana. Loweruka lotsatira ndinapambananso. Lachitatu lake chimodzimodzi.

Ine Kawoloke ndimamudziwa. Ndisanadwale ndinkapambana mwa apo ndi apo, chifukwa amake Taonga ali ndi mwayi woopsa. Choncho Loweruka lachinayi ndinaleka kuyang'ana mtsinje, n'kumayang'ana manja awo. Atatsala pang'ono kundipitirira, amake Taonga anatola khadi, kuisuzumira, n'kuibweza pansi pa mulu mwamsanga.

"Aa, mvuu ija yandigwiranso. Ndiima," anatero.

"Ndionetseni."

"Ndaika kale, amama."

"Itulutseni."

Linali bwato la mapiko. Akanawoloka pomwepo. A Lungu anayang'ana kumbali, ndipo ndinadziwa kuti anapangana. Sindinakwiyepo choncho chidwalire, ngakhale tsiku la mbaula lija. Ndinakankha katoni ndi dzanja lodwala lomwelo, mabwato n'kumwazika.

"Ngati mwabwera kudzapepesa maliro, pano palibe maliro. Sindinafe. Dzanja ndi limene ladwala, mutu uli bwino. Mukandipatsa zinthu zaulere, ndidziwa bwanji kuti ndikuchira?"

Amake Taonga anagwetsa misozi. Anati ankangofuna kundiona ndikuseka. Kenako anapukuta kumaso ndi chitenje, n'kutola mabwato aja pansi.

"Chabwino. Mwapempha nokha. Musadzalire."

Anandigonjetsa Loweruka limenelo, ndi ena asanu ndi limodzi otsatizana, akuvina pakhonde nthawi iliyonse. Mkati mwa sabata ndinkadzuka kuponya madayisi m'mbale ndekha, m'mawa ndi masana. Mu Januwale ndinatha kugwira makhadi atatu ndi dzanja lamanja osagwetsa. Akulu anga anabwerera ku Katete mwezi womwewo. Makhadiwo sanawakhudzenso, ndipo mpaka lero amati ndi zachibwana, koma ponyamuka anauza amake Taonga kuti asamaphonye Loweruka.

Kuntchito ena anandilangiza mwachikondi kuti ndipemphe kupuma chifukwa cha matenda. Ndinakana. Ndinati dokotala akanena kuti sindingathe ndidzamva, koma osati zokamba za m'makonde. Dokotala anandiyeza, anandilembetsa dzina langa kangapo papepala, n'kundilola kuyamba ndi theka la tsiku. Ndinabwerera mu Epulo. Masabata oyamba faelo yolemera inkandipulumuka, mapepala n'kumwazika, ndipo ndinkawatola ndekha.

Panopa papita chaka ndi miyezi ingapo. Ndimayenda popanda ndodo mpaka kumsika ndi kubwerako. Zala ziwiri zakumapeto sizinawongokebe, ndipo mwina sizidzawongoka. Ndikatopa mawu amalemera. Ndimalemba ndi dzanja lamanja, pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu. Mankhwala ndimamwa m'mawa uliwonse, mchere ndinachepetsa, ndipo mwezi uliwonse ndimakakhala pamzere ku kiliniki kuti andiyeze.

Kwa inu amene anakupezani ndi BP, musasiye mankhwala chifukwa choti mukumva bwino. Ine ndinkamva bwino. Mutu ukakana kuleka, pitani mukayezetse. Mukaona mnzanu pakamwa papotoka, dzanja lafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akusokonekera, musamugoneke pamphasa kuti muone kaye, ngakhale iyeyo atapempha. Funani motoka nthawi yomweyo. Zokambirana kuti matendawa achokera kuti mudzakamba akachira.

Ndipo inu amene mwadwala kale, anthu okukondani adzafuna kukuchitirani zonse, ndi kukuyankhirani mafunso muli pomwepo. Athokozeni, koma chimene mungathe nokha musachipereke. Yankhani nokha, ngakhale mawuwo atachedwa chotani. Adikire.