Maluwa a M'manja mwa Farida

Dzulo kuchipatala komwe ndimagwira ntchito kuno ku Murdoch, kutali ndi kwathu, dokotala wachimwenye atavula magolovesi, ndinaona maluwa ofiirira ojambulidwa m'manja mwake. Kafungo kake konga udzu wonyowa kanandibwezera ku Limbe.

Bambo anga ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Mwana wa Mmwenyeyo, Farida, ankandiphunzitsa kuwerenga, n'kumati adzakhala dokotala. Tsiku lina ndinam'peza akulira, azimayi akum'jambula manja.

"Zikukuwawani, achemwali?" ndinafunsa, ndikumuuzira m'manjamo kuti muzizire.

"Pang'ono. Katenge mabuku anga onse, ndi ako."

Ndinapita kwathu ndikudumphadumpha, mabuku ali pamutu. Sindinkadziwa kuti mawa lake akum'kwatitsa kwa mwamuna amene sanamuonepo. Unamwino wangawu unayambira m'mabuku amene mwini wake sanaloledwe kuwamaliza.