Mapilisi Abili pa Ulendo wa ku Petauke

Bwelani mukhale pansi apa, mafoni muike m'thumba monga mwamene naikila yanga, nikuuzeni vamene ninachita chaka chatha.

Ine na basi sitimvelana. Kuchoka chabe pa Matero kufika mu tauni, mutu wayamba kale kuzungulila, mate adzala m'kamwa, nili kupempha pulasitiki kuli kondakitala. Manje bamayi bake ba mwamuna wamene afuna kunikwatila banatuma mau kuti niyende nabo ku Petauke, nikaonekele kuli bazakhali bake. Ise babili chabe, chifukwa mwamuna mwine wake banamukanila ku nchito.

Bakulu banga pamene banamvela, banaseka mpaka kugwilila chitseko. Bati mtsikana wosakwatiwa akasanza pamaso pa bapongozi, palibe amaganizila basi, bonse bamayamba kupenda miyezi. Apo mtima unanichoka. Banthu baja ni ba chalichi maningi, ndipo ukwati unali ukali kukambiwa chabe.

Ninakhala pa foni masiku atatu. Uyu ati tafuna jinja, uyu ati khalila nyuzipepala, bamayi ba nyumba yapafupi bati niike kamtengo ka machisa m'kamwa. Data inasila, nzelu sizinabwele. Pomaliza ninayenda ku kemisiti ya pa maliketi. Bamayi bogulitsa, ba magalasi, bananifunsa ngati nili na mimba, ngati nikumwa mankhwala ena, ngati nizayendetsa motoka. Ine wamene olo njinga siniidziba! Banaika tumabokosi tubili pa tebulo, bati aya ni amphamvu koma abweletsa tulo, aya tulo ni tung'ono koma banthu bena sabathandizika nayo bwino. Ninasankha amphamvu osaganiza kabili. Bananiuza kumwa limodzi chabe, ola limodzi basi ikalibe kunyamuka, nikhale kutsogolo, maso pa msewu, foni m'chikwama. Ija ya foni inanibaba kupambana vonse.

Tsiku la ulendo ninamwa pilisi pa faivi, chifukwa tiketi inakamba sikisi. Koma imwe mudziba, basi yathu siyinyamuka na nkoloko, inyamuka ikadzala. Seveni, eyiti, tikali pa siteshoni. Mlaliki walalika wasiliza, wogulitsa machaja wapita kanayi. Nayamba kuopa kuti mankhwala asilila pa mpando, basi ili chiimile. Pamene injini inalila, ninameza lina mobisa, na mate chabe.

Chomaliza chamene nikumbukila ni Chongwe. Ninauka pa Luangwa, basi yaima, fungo la nsomba zouma likungena pa windo, mutu wanga uli pa miyendo ya bapongozi. Pa miyendo, banzanga. Chitenge chabo chatsopano chanyowa na dovu langa, wigi yapendama yafika ku khutu. Nsoni zinanigwila, koma mumtima ninali kuvina: mapili onse a mu njila ya ku Luangwa na kukhotakhota kwake napita osasanza olo kamodzi.

Bapongozi banakonza wigi yanga na manja abo, bwinobwino, nakunifunsa pansipansi.

"Mwana wanga, utu tulo twa masana twayamba liti?"

Bamayi bena ba mpando wakumbuyo banaikilapo kuti nabeve pa mwana woyamba banali kugona mwamenemo, olo pa maliketi. Tulo tonse tunasila. Ninafukula chikwama, kutaya chaja, kutaya mafuta odzola, mpaka napeza kabokosi.

"Bamayi, ni mankhwala chabe. Ine nimasanza mu basi."

"Oho. Umasanzanso."

Bapongozi banayang'ana kabokosi kutsogolo na kumbuyo, nakunibwezela, nakunigulila nthochi.

Masiku atatu ku Petauke palibe ananiyang'ana kumaso. Bazakhali bakanipatsa moni, maso ali pa mimba. Ndowa ya madzi bananilanda, mpando ubwino unali wanga, nikayasamula chabe bayang'anana. Pobwela sininamwe pilisi olo limodzi chifukwa cha mantha, ndipo vamene vinachitika pa mapili aja bapongozi banavionela pafupi, beve bamene ndiye banagwilila pulasitiki. Apo nkhani inangokhwimilatu. Mwamuna wofuna kunikwatila uja bakwabo banamuitana kabili kumufunsa va mimba, iye kulumbila, beve kungoti chabwino. Inatenga miyezi isanu ya mimba yosakula kuti banikhulupilile na kuyambanso kukamba va ukwati.

Manje dzulo bapongozi banitumila foni, bakuseka, bati mwezi wamawa tibwelelenso ku Petauke tikabauze bazakhali tsiku la ukwati, ndipo mpando wa pafupi nabo ni wanga. Ninapitanso ku kemisiti, bamayi ba magalasi bananikalipila pa ija yomwa abili, bati limodzi likwana olo basi ichedwe. Tumabokosi tonse tubili tuli apa pa bedi. Imwe mukanakhala ine, mukanamwa la tulo limodzi, kapena mukanayesa lija lofooka pa mapili a Luangwa, bapongozi bali pambali?