Firiji ya Dona Generosa Itavala Chitenje

Ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, dzuwa la Okutobala limatuluka litakwiya kale. Milambe imaima yopanda tsamba, mbuzi zimabisala pansi pa malole, nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa. Anthu onse amadandaula, kupatula Dona Generosa Sandramo. Kwa iwo imeneyi ndi nyengo ya firiji.

Anakulira ku Changara, kumene madzi ozizira anali a mumtsuko wokwiriridwa pakona ya nyumba. Atakwatiwa ndi Bambo Fulgêncio, oyendetsa lole ya mchenga, anabwera mutauni ndi mtsuko womwewo. Firiji inalowa m'nyumba chaka chimene Cacilda, mwana wawo yekhayo wamkazi, anayamba sukulu. Kuyambira pamenepo moyo wawo unkayenda ndi zipatso. M'chisanu ankafinya masau, mvula ikagwa ankasenda mango, m'chilimwe ankaviika malambe ndi shuga. Zonsezi ankathira m'timajumbo, n'kuziundanitsa, n'kumagulitsa pazenera.

Firijiyo ankaisamala kuposa mano awo. Ayezi akachuluka m'chipinda chake chapamwamba, ankaizimitsa n'kuikamo mbale ya madzi otentha, ndipo mpeni sankalola kuti uyandikire. Labala ya pachitseko ankaipukuta ndi kansalu konyowa ngati m'kamwa mwa khanda. Mphika wotentha sunkalowamo. Mwana akatsekula chitseko n'kuyamba kuganiza chimene akufuna, ankamva khofi asanaganize n'komwe. Kumbuyo kwake kokha ndiko sanakuganizirepo. Firijiyo inkaima pafupi ndi zenera, motalikirana ndi khoma, chifukwa simenti ya pansi inali yong'ambika kumbuyoko, ndipo tsache ndi kamphepo zinkadutsa pamenepo popanda wozituma.

Chaka chimenecho Cacilda anapeza mwamuna, mnyamata wa ku Moatize, ndipo akuchimuna anati abwera Loweruka kudzaonekera. Mlongo wa Dona Generosa anatumiza mbuzi yonenepa kuchokera ku Changara. Mbuziyo inayenera kudikira tsikulo ili moyo, koma inadya matimati a Mana Zeferina, mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, n'kuwonjezera sokosi ya Bambo Fulgêncio. Mlandu unatha msanga.

"Ipheni," anatero Dona Generosa. "Alendo ikawadikirire m'firiji."

Pa mwambo wotere akazi onse a pabanja amavala chitenje chofanana. Anasankha chobiriwira cha maluwa achikasu, ndipo telala atadula za onse, nsalu inatsala yambiri. Dona Generosa anaiyang'ana nsaluyo, kenako anayang'ana firiji.

"Ameneyunso avale."

"Ndani?" anafunsa Bambo Fulgêncio.

"Walera Cacilda ndi ndani? Nsapato za kusukulu ankagula ndani? Lero tivale tonse, iyeyu aime mbulanda pamaso pa alendo?"

"Nanga lole yanga, amake Cacilda? Siinamulere?"

"Lole yanu imagona kunja ngati tambala. Za pabanja izi."

Pofika Lachiwiri, telala anali atasoka chovala chokwana bwino: pamwamba, m'mbali, kumbuyo konse, ndi mphonje zofika pansi. Anangosiya pachitseko. Ndiyeno, kuti mipando ya alendo ikwane, anaikankhira pakona, msana wake kugunda khoma.

Woyamba kufika pa abale anali Tiya Perpétua, azakhali a Bambo Fulgêncio, amene maso awo anatopa kalekale koma magalasi amawakana. Anapereka moni kwa aliyense, kenako anagwada pang'ono pakona paja.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

Firiji inangoti huuu.

"Ameneyu ndi wa kwanu, Generosa? Thupi labwino, koma mwano."

Lachinayi masana, mnyamata wa njinga yamoto amene ankagula malambe tsiku lililonse anabweza kajumbo pazenera.

"Dona, ndapempha malambe, osati phala."

Dona Generosa anatsekula chitseko. Mphepo imene inkawamenya kumaso siinabwere. Anadina ntchafu ya mbuzi ndi chala, chala chinalowa. Pansi pa thireyi panali timadzi tofiira. Mbuzi ina sakanaipeza, ndipo akuchimuna a ku Moatize sangawapatse nyemba. Nkhani yotero imakwera basi yokha, n'kukafika mwana wako asanafike.

Anayamba ndi zimene ankazidziwa. Magetsi analipo, kababu ka mkati kankayaka. Anapana pepala pachitseko n'kulikoka, labala inaligwira zolimba. Anapotoza kowonjezera kuzizira mpaka pothera. Firiji inalira osapuma, monga inkachitira chiyambire Lachiwiri, koma mkati munali ngati mthunzi wa mtengo wopanda masamba.

"Gasi watha," anatero Bambo Fulgêncio, atapinda manja.

"Munamuona akutuluka?"

"Zimenezi ndi za amuna. Kwa mmwenye kumene ndinkagwira ntchito ndili mnyamata, firiji ikafooka tinkaitembenuza mutu pansi, miyendo m'mwamba. M'mawa inkadzuka ngati mnyamata."

"Ija inali ya parafini, bambo a Cacilda."

"Firiji ndi firiji."

"Muyambe mwatembenuza lole yanu, tione ngati idzuke."

Mana Zeferina anali atasuzumira kale pampanda. Analowa akupukuta manja, nayang'ana chovalacho kuyambira pamwamba mpaka pamphonje.

"Si gasi ameneyu, mana. Ndi maso a anthu. Mwana wanu akukwatiwa ku Moatize, firiji yanu yavala kuposa ife, mukuganiza kuti anthu akugona? Thirani mchere pakhomo."

"Amene ali ndi mlandu ndi mbuziyi m'dera muno ndi mmodzi yekha," anatero Bambo Fulgêncio, akuyang'ana kudenga.

"Matimati anga ndinakhululuka, alamu! Koma chiwindi mundigawire."

"Chiwindi n'changa. Sokosi inali yanga."

Anaimbira wokonza mafiriji. Wokonzayo anali ku maliro ku Mutarara, ndipo anati abwera maliro akatha, mawu amene ku Tete angatanthauze mvula ikagwa. Dona Generosa anachotsa malambe onse kuti mbuzi itsale yokha, analetsa aliyense kukhudza chitseko, ndipo mchere uja anathiradi, Mana Zeferina atapita.

Lachisanu linatentha kuposa masiku onse. Kamvuluvulu anadutsa mumsewu atanyamula mapepala, ngakhale agalu sanamuuwe. Masana telala anabweretsa zovala za akazi, ndipo Cacilda anakakamiza mayi ake kuti ayese zawo. Bulauzi inali ya nsalu ziwiri, yothina m'khwapa. Chitenje anamanga kawiri, duku lalikulu pamutu.

"Mwatchena, mama!"

Dona Generosa anakhala pansi pakona paja, pafupi ndi firiji, onse awiri atavala zofanana. Thukuta linatsika m'khosi, linadutsa pamsana. Mpweya unkavuta. Anaganiza za alendo, za mbale za nyemba, za nkhope ya mayi wa mnyamata wa ku Moatize uja. Potopa, anatsamira firiji, ndipo anadzidzimuka. Nsalu inali yotentha ngati yangochoka pansi pa simbi.

Analowetsa dzanja pakati pa firiji ndi khoma, movutikira. Kumeneko kunali uvuni wa buledi. Anachotsa dzanjalo, namasula duku lawo kuti apukute nkhope, ndipo kamphepo ka pazenera kanawakhudza pamutu. Anapuma bwino koyamba tsiku limenelo. Anayang'ana duku m'manja mwawo. Anayang'ana firiji.

Zaka zonsezi ankadziwa kuti firiji imazizira kutsogolo. Sanafunsepo kuti kutentha kwa malambe onse aja kunkapita kuti.

"Mayo, mwana wanga," ananong'ona. "Ndakuphika ndekha."

Anaimirira. "Bambo a Cacilda! Bwerani timuvule!"

"Timuvule ndani?" anafunsa Tiya Perpétua ali pamkeka. "Masana ano?"

Anazula pulagi, navula chovalacho, naikokera firiji pakati pa chipinda. Timapaipi takuda takumbuyo tinali titavala chovala chakechake cha fumbi ndi ulusi wa telala. Dona Generosa anatisesa ndi katsache kofewa, pang'onopang'ono, akupepesa. Anadikira kuti chitsulo chizizire, n'kubwezera pulagi. Kenako analowa kuchipinda n'kutulutsa fani imene Bambo Fulgêncio amagona nayo.

"Imeneyo ayi!"

"Mukufuna mbuzi kapena tulo?"

Fani anailozetsa kumsana kwa firiji. Nyama anaiweruza ndi mphuno, chidutswa chimodzichimodzi. Ntchafu, nthiti ndi msana zinali zofewa kunja kokha, mkati zikadali mwala. Zamkati zinali zitaonongeka. Chiwindi anachiponya kuseri, galu wa Mana Zeferina anachinunkhiza, n'kubwerera kukagona. Bambo Fulgêncio anaima pakhomo ngati munthu woperekeza maliro.

Dzuwa litapendeka, banja lonse linali litakhala mozungulira firiji. Kenako inati thi, n'kukhala chete. Cacilda anagwira pakamwa.

"Yafa?"

"Yapuma," anatero mayi ake. Anatsekula pang'ono chabe, ndipo mphepo ija inawamenya kumaso ngati m'mawa wa mwezi wa Juni.

Loweruka akuchimuna anapeza mipando itazungulira firiji yoyera, yokalamba, yokhala ndi dzimbiri m'miyendo, itaima pakati pa chipinda ndi fani kumbuyo kwake. Kuibwezera pazenera Dona Generosa anakana, ati isagwedezekenso mpaka mbuzi itatuluka yonse. Anangomanga kansalu kobiriwira pachogwirira, kuti anthu adziwe kuti ndi ya pabanja. Manyazi anali nawo ndithu. Ankhoswe ankayankhulana mosuzumirana, wina kumanzere kwa firiji, wina kumanja.

Mayi wa mnyamatayo, munthu wamtali wosaseka, anadya mbuzi mwakachetechete. Anapempha ina. Atamwa madzi, anagwira tambula ija patsaya nthawi yaitali.

"Asewere," anatero pomaliza, "bwanji firijiyi imakhala pakati?"

Dona Generosa anaiyang'ana firijiyo. "Imafuna mpweya kumsana, asewere. Monga ife tomwe."

Mayiyo anatembenukira kwa mwamuna wake. "Mwamva? Yathu ija munaitsekera m'kabati kuti ioneke bwino. N'chifukwa chake timamwa madzi a m'bafa."

Anthu anaseka, ankhoswe anamaliza zawo, ndipo m'mbale munatsala mafupa okha. Tiya Perpétua okha ndiwo sanakondwe. Anayang'ana pakona paja, popanda munthu.

"Alamu onenepa aja apita osatsanzika? Ndinanena ine kuti ndi amwano."

Sabata yotsatira firiji inabwerera pazenera, pamalo pake pa simenti yong'ambika, ndipo ming'aluyo Dona Generosa analetsa kuti isamatidwe. Mitambo inayamba kusonkhana kutsidya kwa Zambezi, milambe inatulutsa timasamba toyamba, mango anayamba kufiira m'misika. Chovala chija sichinatayidwe. Mukakumana ndi lole ya mchenga pamlatho, mpando wa dalaivala utavala chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, mphonje zikulendewera pakhomo, amenewo ndi Bambo Fulgêncio. Amati chimawotcha kumsana, koma savula.