Achimwene Ndi Achimwene Basi

Ndine ndinayambitsa, zimenezo ndisabise. Koma inu owerenga, musanandiweruze, dziwani kuti amene anaseka kwambiri tsiku lija ndi omwewo amene lero akundinena kuti ndine mwana wa Satana.

Ndimakhala ku Croydon, kuno ku London, ndi mayi anga ndiponso mlongo wawo wamng'ono, amalume Fanuel. Amalumewo amakonza makompyuta pa kampani ina. Kompyuta amailankhula bwinobwino, koma mkazi akangowapatsa moni amayankhira nsapato zawo.

Tsiku lina mnzanga wa kusukulu anandionetsa filimu ya ku Japan. Munali mnyamata wamanyazi ngati amalume, magalasi ake omwewo, amene anakopeka ndi mtsikana wina. Posowa pogwira, anakalemba pa intaneti, ndipo anthu osawadziwa anayamba kumuuza kometa, chovala ndi choyankhula, mpaka zinatheka. Ndinaionetsa kwa amalume kuti ndiwaseke. Iwo sanaseke. Anaionera mpaka mayina a kumapeto.

Patangopita masiku ndinapeza laputopu yawo ili yotsegula. Anali atalemba pa gulu lina la Amalawi a kunja, mobisa dzina. Ankati ku tchalitchi kwathu kuli namwino wina, Tadala, amene anamukonzera foni, ndiye iye anawatumizira uthenga woti, "Zikomo kwambiri achimwene." Funso lawo linali lakuti, kodi pamenepa pali chiyembekezo? Palibe anali atawayankha. Ndiye ndinati anthu a mufilimu aja ndikhala ineyo.

Ndinapanga anthu atatu. Wina m'busa wopuma, wina mnyamata wa fashoni wa ku Manchester, wina Anti a ku Leeds. Antiwa sindinavutike nawo, ndinangotengera kayankhulidwe ka mayi anga. Tonse atatu tinagwirizana chimodzi: mtsikana wa ku London sangokutchula achimwene. Akati bro ndiye kuti palibepo, koma akafika pokumba mawu a kumudzi, mtima wagwa kale, akungodikira kuti ufunsire.

Inu owerenga, mwana wa sitandade wanu amadziwa kuti mkazi akati achimwene wakuikira mpanda. Amalume, ndi digiri yawo yonse, anakhulupirira.

Sikuti zonse zinali zoipa ayi. Wa ku Manchester anawametetsa, nawataitsa juzi yawo ya bulauni ija. Anayamba kuimba m'bafa. Madzulo ankalembera Anti a ku Leeds zinthu zimene sanauzepo munthu, zoti akakwera tramu, kasitima ka m'tauni, amakhala mpando wa kumbuyo kuti asaonedwe, zoti chibwerereni kuno palibe anawafunsapo ngati akusangalala. Ine ndinkayankha ndili pabedi la pamwamba, iwo ali pansi panga.

Amene anawononga ndi m'busa wanga wopuma uja. Ndinamulembetsa kuti munthu wa Mulungu safunsira mobisa ngati mbava, afunsire poyera. Ndinkaganiza kuti achita mantha nkhani n'kuthera pomwepo.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, tili mu holo kumwa tiyi, amalume anaimirira n'kugogoda kapu ndi supuni. Anati iwo amva tanthauzo la mawu aja, ndipo ankhoswe awo ndi okonzeka.

Tadala anafunsa kuti, "Mawu ake ati, achimwene?"

Holo yonse inaphulika. Amayi a chigwirizano anagwirana mapewa, mkulu wa mpingo tiyi anamutulukira m'mphuno. Tadala yekha sanaseke. Ananena motsitsa kuti ali kale ndi mwamuna womutomera ku Edmonton, zimene aliyense ankadziwa kupatula munthu amene amayang'ana nsapato. Nanenso ndinaseka, sindikana. Zinali zoseketsa.

Kunyumba mayi analanda foni ya amalume kuti aone afiti amene anawapusitsawo. Anawerenga kwa kanthawi, kenako anaima pa uthenga wa Anti a ku Leeds woti, "Manyazi sanalipirepo lendi ya munthu." Mawu amenewo mayi amandiuza ine ndikamakana kukafunsa aphunzitsi. Palibenso wina padziko pano amawanena.

"Iwe, tabwera kuno," anatero, osakweza n'komwe mawu.

Amalume sanandimenye, sanandikalipirenso. Anangofunsa mayi, osati ine, kuti, "Ndiye kuti Anti aja kulibe?" Atauzidwa kuti kulibe, anagwedeza mutu n'kukalowa kuchipinda. Ku tchalitchi anasiya kupita. Mwezi usanathe anapeza chipinda ku Romford, ndipo akabwera kudzaona mayi amandipatsa moni wa inu, ngati ndine mlendo.

Tsopano mpingo wonse ukuti ndinapha munthu mtima. Komatu bambo ameneyu wakhala pakati pawo zaka zonsezi, akuwakonzera mafoni ulere, ndipo palibe anamukokera pambali kumuuza kuti mtsikanayo ndi wotomeredwa. Amene anamumvetsera anali mwana wa sekondale wovala dzina la mayi wa ku Leeds. Ngati pali manyazi, tigawane.

Langizo langa nali. Mukaona filimu ya anthu okoma mtima a pa intaneti, kumbukirani kuti ndi filimu. Amene akukuyankhaniyo mwina akugona pamwamba panu. Ndipo mkazi akakutchulani achimwene, yankhani kuti zikomo achemwali, muzipita.

Chilango changa? Foni anandilanda mpaka Khirisimasi, ndipo Lamulungu lililonse ndimatsuka makapu onse a mu holo muja, amayi a chigwirizano akundiyang'anira. Madzi ake ndi ofunda, mabisiketi otsala ndi anga, ndipo amayiwo akaiwala kuti ndilipo amayamba miseche. Panopa ndikudziwa za aliyense.