Dzina la a Timoteyo pa Kompyuta ya ku Lilongwe

Mayi Veronika anabadwira ku Mlonyeni. Ataphunzira kutayipa analembedwa ntchito pa Mchinji Boma, pa kampani ina ya malole opita ku Chipata. Amuna awo, a Timoteyo, anali dalaivala pakampani pomwepo.

Mu 1991 kampaniyo inagula makompyuta. Ina anaiika pa tebulo la a Veronika, ina ku likulu ku Lilongwe, ndipo zinkalumikizana pa waya wa telefoni. Lole ikafika, a Veronika ankalemba nambala yake, katundu ndi dzina la dalaivala. Pulogalamu ya pa Mchinji inkapatsira zimenezi pulogalamu ya ku Lilongwe, iyo n'kubweza chilolezo cha ulendo.

Chaka cha chilala, a Timoteyo anagubuduzika ndi lole ya chimanga n'kufera pomwepo. Maliro atatha, a Veronika anabwerera ku ntchito atameta mutu. Lole ija anaikonza n'kuipereka kwa dalaivala wina, a Habibu.

A Veronika ankalemba kuti Habibu, koma chilolezo chinkatuluka ndi dzina la Timoteyo. Ankangoliyang'ana, kulikhwatcha ndi bolopeni, n'kulemba Habibu pamwamba pake. Sanauze munthu. Amene anakadandaula ndi a Habibu, atabwezedwa pa chipata cha malire chifukwa cha chilolezo chokhwatchakhwatcha.

Likulu linatumiza a Cyprian, okonza makompyuta. Anakhala pa mpando wa a Veronika m'mawa wonse.

"Amayi, nambala ndi katundu zikufika bwino," anatero. "Dzina lokha ndi lomwe likutsalira kuno. Pulogalamu ya uko siidziwa zimene ya kuno ikudziwa, mpaka ichite kupatsidwa. Ikapanda kulandira dzina, imatenga lomwe inasunga kale pa nambala ya loleyo. Vutoli ndi lakale, kungoti silinkaonekera chifukwa dalaivala aliyense anali ndi lole yake."

"Chabwino."

"A Timoteyo amenewa anasiya ntchito?"

"Anamwalira. Anali amuna anga."

A Cyprian anachotsa manja pa makina. "Pepani amayi, sindinadziwe."

"Konzani basi."

A Cyprian anawonjezera mzere umodzi mu pulogalamu ya pa Mchinji, n'kuwauza kuti ayesenso. A Veronika analemba. Makina analira, pepala linatuluka ndi dzina la Habibu. A Veronika analidinda, n'kulipereka pa windo, n'kuitana dalaivala wotsatira.

Kampani itatseka ofesi ya pa Mchinji, a Veronika anapita kukakhala ndi achemwali awo, a Esitele, ku Kamwendo. Kumeneko ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo malole akamadutsa ankavindikira tomatoyo ndi chitenje kuopa fumbi.